Alfred Sturtevant: Adafukula chinsinsi cha chibadwa m'tintchentche ta pa nthochi

Mukasiya nthochi zakupsa kwambiri m'mbale kwa masiku awiri, kapena mukadutsa pamene amayi amagulitsa tomato ndi mango pamsika, mumaona tintchentche ting'onoting'ono ta maso ofiira tikuuluka mozungulira. Ambirife timangotikupiza ndi dzanja n'kupitiriza zathu.

Koma m'dziko la America mudali mkulu wina amene adatha zaka pafupifupi 60 akuyang'anitsitsa tintchentche timeneti, ndipo zimene adapeza zikuthandizabe madokotala, alangizi a zaulimi ngakhalenso akatswiri olimbana ndi malungo.

Mkuluyu dzina lake adali Alfred Henry Sturtevant. Iyeyu ndiye adajambula mapu oyamba osonyeza mmene majini adandandalikirana m'thupi la chamoyo. Adalinso m'gulu la anthu oyamba kufananiza majini a mitundu iwiri ya tintchentche yapachibale, ndipo adatulukira njira imene jini limodzi limasandukira awiri, kenaka atatu, mpaka kukhala banja lathunthu.

Tisanapite patali, majini amene tikunena pano si aja a ziwanda ayi. Awa ndi malangizo a chibadwa amene amakhala m'maselo a chamoyo chilichonse. Ndi amene amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya bambo ake kapena msinkhu wa kuchikazi, monga amanenera akuluakulu kuti make mbuu, mwana mbuu. Majiniwa amakhala pa tinthu tonga ulusi totchedwa makromozomu, ngati mikanda yotungidwa pa chingwe.

Tintchentche take natonso si ntchentche zija zimaboola mango ali mumtengo n'kusiyamo mphutsi. Iti timatsata chipatso chimene chayamba kale kuwola. Asayansi amatitcha Drosophila, ndipo mtundu umene umapezeka kwambiri m'makomo ndi Drosophila melanogaster.

Mwana wa pafamu

Sturtevant adabadwa pa 21 November 1891 m'tauni ya Jacksonville, m'chigawo cha Illinois. Iye adali chitsirizira m'banja la ana 6. Agogo ake aamuna adali m'modzi mwa anthu amene adayambitsa sukulu ya ukachenjede ya Illinois College, ndipo bambo ake adaphunzitsapo masamu pasukulu yomweyo.

Ali ndi zaka 7, bambo ake adasamutsa banja lonse kupita ku Alabama kukayamba ulimi. Kumeneko mnyamatayu adayamba sukulu ya chipinda chimodzi, kenaka adakapitiriza maphunziro a sekondale mumzinda wa Mobile.

Pafamupo padali mahatchi. Pomwe anzake ankangowakwera, Alfred ankakonda kulemba mibadwo yawo: hatchi iyi idabadwa kwa iti, mayi wake adali wa mtundu wanji, nanga ana ake adatuluka otani. Adalembanso mndandanda wa makolo a banja lake lomwe.

M'chaka cha 1908 adalowa yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York. Ndalama kwawo zidali zovuta, choncho ankakhala kunyumba kwa mkulu wake Edgar, amene adali wamkulu kwa iye ndi zaka 16 ndipo ankaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki ku Barnard College. Edgar ataona chidwi cha mng'ono wake pa mahatchi, adamulimbikitsa kuti akawerenge mabuku onena za chibadwa.

Apa ndi pomwe Alfred adadziwa za Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene m'chaka cha 1866 adasindikiza malamulo a chibadwa atafufuza nsawawa za kumunda. Ntchito ya Mendel idaiwalika kwa zaka zoposa 30 mpaka pomwe asayansi ena adaifukulanso mu 1900.

Mnyamatayu adaona kuti malamulo omwewa angathe kufotokoza mtundu wa ubweya wa mahatchi. Adalemba zimene adapeza n'kukapereka kwa mphunzitsi wake, Thomas Hunt Morgan. Morgan adachita chidwi ndipo adamuuza kuti azisindikize. Nkhaniyo idatuluka m'magazini ya asayansi ya Biological Bulletin mu 1910, mwini wake asanakwanitse zaka 19.

Chipinda chonunkha nthochi

Chaka chomwecho Morgan adapatsa Sturtevant desiki m'chipinda chake chofufuzira, nambala 613 m'nyumba ya Schermerhorn Hall. Chipindachi chidali chaching'ono, pafupifupi mamita 5 m'lifupi ndi 7 m'litali, koma mudali madesiki 8. Ponseponse padali mabotolo a mkaka odzaza tintchentche, ndipo pafupi ndi khomo pankalendewera mkoko wa nthochi. Fungo lake linkamveka munthu asanalowe.

Morgan adasankha tintchentcheti chifukwa sitidya ndalama. Chakudya chake ndi nthochi zophwanya basi. Dzira likaikidwa lero, pasanathe masabata awiri limakhala kantchentche kokhwima, ndipo kakakazi kamodzi kamaikira mazira mazanamazana. Zimene mlimi wa ng'ombe angadikire zaka 50 kuti aone, woweta tintchentche amaziona chaka chisanathe. Kuonjezera apo tili ndi mapeya 4 okha a makromozomu pomwe munthu ali ndi 23.

Mu 1910 momwemo Morgan adapeza kantchentche kakamuna ka maso oyera pakati pa tinzake ta maso ofiira. Atakakwatitsa n'kutsata ana ndi zidzukulu zake, adaona kuti maso oyerawo amayenda limodzi ndi kromozomu yotchedwa X, imene imakhudzana ndi zoti chamoyo chikhale chachimuna kapena chachikazi.

M'chipindamo mudalinso anyamata ena anzeru. Calvin Bridges adayamba ndi ntchito yotsuka mabotolo, koma diso lake lidali lakuthwa kuposa la wina aliyense pozindikira kantchentche kachilendo. Hermann Muller adalowa gululi pambuyo pake. Anyamatawa ankakambirana mokweza tsiku lonse, wina akapeza kanthu onse ankakaunjirira. Mutu umodzi susenza denga.

Sturtevant adali ndi vuto limodzi: maso ake sankasiyanitsa bwino mitundu. Pantchito yofuna kusiyanitsa diso lofiira ndi lofiirira, limeneli lidali vuto ndithu. Koma mphatso yake idali pa masamu ndi kukumbukira. Ankatha kuyang'ana manambala a anzake n'kuona zimene eni ake sadaone.

Usiku umodzi wosagona

Pofika 1911 Morgan adali ataona kuti zizindikiro zina zimakonda kuyendera limodzi kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, koma nthawi zina zimalekana. Iye adaganiza kuti pamene thupi la kantchentche kakakazi likupanga mazira, makromozomu awiri ofanana, ina yochokera kwa mayi ina kwa bambo, amagona moyandikana, n'kuduka pamalo amodzi, n'kusinthana zidutswa. Majini awiri oyandikana kwambiri salekana kawirikawiri, koma otalikirana amalekana mosavuta chifukwa pakati pawo pali malo ambiri oti chingwe chidukepo.

Tsiku lina chakumapeto kwa chaka chimenecho, ali mkati mocheza ndi Morgan, Sturtevant adazindikira kuti ngati zili choncho ndiye kuti munthu angathe kuyeza mtunda wa pakati pa majini. Chofunika n'kuwerenga kuti mwa ana 100 alionse, ndi angati amene zizindikiro ziwirizo zalekana.

Adatenga mabuku a manambala n'kupita nawo kunyumba. Ntchito ya kusukulu imene adayenera kulemba usiku umenewo adaiika pambali. Mmene kunkacha n'kuti atajambula mapu oyamba a majini padziko lonse.

Pa mapupo, jini la thupi lachikasu adaliika poyambira, pa 0. Jini la maso oyera lidagwa pa 1, kusonyeza kuti awiriwa amalekana mwa mwana m'modzi yekha pa 100. Jini lina la mtundu wa maso lidagwa pa 30.7, la mapiko aang'ono pa 33.7 ndipo la mapiko opunduka pa 57.6. Chodabwitsa n'chakuti mitundayi inkaphatikizika bwinobwino monga mmene zimakhalira ndi masiteji a basi amene ali pamsewu umodzi. Umenewu udali umboni wakuti majini adandanda pamzere.

Ntchitoyi idasindikizidwa mu 1913. Ngakhale asayansi a m'mbuyo muno adakonza manambalawo pang'ono, ndondomeko ya majiniwo idatsala momwe mnyamata wa zaka pafupifupi 20 uja adaiikira. Njira yomweyi ndi imene akatswiri adadzagwiritsa ntchito posaka majini a matenda a anthu komanso pokonza mbewu za chimanga.

Sturtevant adalandira digiri ya udokotala wa zamaphunziro mu 1914. Chaka chotsatira iye, Morgan, Muller ndi Bridges adatulutsa buku la The Mechanism of Mendelian Heredity limene lidakhazikitsa mfundo yoti majini amakhala pa makromozomu.

Abale ofanana ngati mapasa

Kusiyana ndi anzake amene ankakhutira ndi tintchentche ta m'botolo, Sturtevant ankakondanso kuyenda m'tchire ndi kaukonde. Ankafuna kudziwa kuti kodi mitundu ina ya Drosophila ili ndi majini omwewo kapena ayi.

Mu 1919 adalengeza kuti tintchentche timene anthu ankatiyesa mtundu umodzi tidali mitundu iwiri. Mtundu watsopanowo adautcha Drosophila simulans, kutanthauza wotsanzira, chifukwa umafanana kwambiri ndi melanogaster moti tatikazi take n'tovuta kusiyanitsa ngakhale pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono.

Atakwatitsa mitundu iwiriyi, ana adabadwa ndithu, koma onse adali osabereka, monga mmene imakhalira nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi. Kuonjezera apo, kholo lachikazi likakhala melanogaster ana opulumuka ankakhala aakazi okhaokha, ndipo likakhala simulans ambiri ankakhala aamuna.

Ngakhale anawo adali osabereka, adamuthandiza kuyankha funso lake. Akapeza kantchentche ka simulans ka thupi lachikasu n'kukakwatitsa ndi ka melanogaster ka thupi lachikasu, mwana ankatulukanso wachikasu. Izi zidasonyeza kuti jini lowonongekalo lidali limodzi lomwelo m'mitundu yonse iwiri, cholowa chochokera kwa kholo limodzi lakalekale.

Atajambula mapu a simulans n'kuwaika pafupi ndi a melanogaster, adapeza chinthu china. Pa kromozomu yachitatu, majini ena adali omwewo koma ndondomeko yake idali yosiyana. Mu 1921 iye adafotokoza kuti chidutswa cha kromozomu chiyenera kuti chidaduka, n'kutembenuka, n'kulumikizikanso chadodolido. Padapita zaka zoposa 10 asayansi asanathe kuona kutembenukako ndi maso awo, koma atakuona adapeza kuti mkuluyu adalondola.

Chaka chomwecho adatulutsanso buku lofotokoza mitundu ya Drosophila ya ku North America.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa Sturtevant mwambiwu udapherezera ndi nkhono zenizeni. Mu 1923 adawerenga lipoti la asayansi awiri a ku Mangalande amene adathedwa nzeru ndi nkhono za m'madzi, zina zopota chigoba kumanja zina kumanzere. Osagwira nkhono ndi imodzi yomwe, iye adaunika manambala awo n'kufotokoza kuti mbali imene chigoba chimapotera imalamulidwa ndi majini a mayi wa nkhonoyo, osati a mwini chigoba.

Diso lopapatiza

Ntchito imene ikukhudza kwambiri mabanja a majini idachokera pa diso. Diso la kantchentche kabwinobwino ndi lozungulira ndipo lili ndi timaso ting'onoting'ono pafupifupi 800. Koma mu 1913 m'chipinda cha Morgan mudapezeka kantchentche ka diso lopapatiza ngati kamzere. Chilemachi adachitcha Bar.

Wasayansi wina, Charles Zeleny, adaona zachilendo pa mtundu umenewu. Mwa ana pafupifupi 1,600 alionse, m'modzi ankabadwa ndi diso lozungulira ngati kuti chilema chija chatha chokha. Mwa apo ndi apo kunkabadwanso wina wa diso lopapatiza kuposa la makolo ake.

Sturtevant adaika zizindikiro mbali zonse ziwiri za jini la Bar, china cha ubweya wopindika china cha mitsempha ya mapiko, kuti aone chimene chimachitika pamalopo. Adapeza kuti nthawi iliyonse imene diso lasintha, makromozomu amakhala atasinthana zidutswa pamalo omwewo.

Mu 1925 adapereka yankho lake. Iye adati nthawi zina makromozomu awiri aja akamagona moyandikana salingana bwino, ina imatsetsereka pang'ono. Ikaduka n'kusinthana zidutswa, ina imatenga gawo lochuluka pomwe inzake imaperewera. Zili ngati anthu awiri amene akugawana nsalu koma aipinda mokhota: wina apita ndi maluwa awiri, wina atsala wopanda duwa.

Adapezanso kuti malo amene jini lakhala ali ndi kanthu. Tintchentche tiwiri tokhala ndi chiwerengero chofanana cha Bar tinkasiyana maso malinga ndi mmene adagawidwira. Akakhala uku kumodzi uku kumodzi, diso linkakhala ndi timaso pafupifupi 68, koma akaunjikana pa kromozomu imodzi timaso tinkatsika kufika pa 45.

Umboni wooneka ndi maso udadza mu 1936. Panthawiyi asayansi adali atazindikira kuti m'tiziwalo totulutsa malovu ta mphutsi za Drosophila muli makromozomu akuluakulu okhala ndi mizeremizere yowerengeka. Bridges ku America, komanso Muller ndi anzake ku Soviet Union, adaona kuti kantchentche kabwinobwino kali ndi chigawo china kamodzi, ka Bar kali nacho kawiri, ndipo ka diso lopapatiza kwambiri kali nacho katatu.

Tanthauzo la zimenezi ndi lalikulu. Munthu amene ali ndi khasu limodzi sangalole kuti wosula zitsulo alisandutse nkhwangwa, chifukwa alima ndi chiyani? Koma akakhala ndi makasu awiri, limodzi lingathe kupitiriza kulima pomwe linalo likusulidwa kukhala chida china. N'chimodzimodzinso majini. Jini likakhala pawiri, limodzi limagwirabe ntchito yakale pomwe linzake lili ndi ufulu wosintha m'mibadwomibadwo mpaka kupeza ntchito yatsopano, kapena kungofa osagwiranso ntchito. Zikachitika kambirimbiri pamabadwa gulu la majini ofanana, limene asayansi amalitcha banja la majini.

Ulemu udapita kwa wina

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 Sturtevant adakwatira Phoebe Curtis Reed ndipo adabereka ana atatu. Woyamba, William, adadzakhala katswiri wodziwika pa za chikhalidwe cha anthu amene adali eni nthaka ya America azungu asanafike.

Mu 1928 Morgan adasamukira ku California Institute of Technology, imene ambiri amangoti Caltech, mumzinda wa Pasadena. Sturtevant ndi Bridges adapita naye, ndipo Sturtevant adakhala pulofesa kumeneko ndipo adakhalabe komweko mpaka imfa yake.

Mu 1933 Morgan adalandira mphotho ya Nobel. Ngakhale ntchito yambiri idagwiridwa ndi gulu lonse, dzina lidatchulidwa ndi lake lokha. Morgan adazindikira zimenezi ndipo adagawa ndalama za mphothoyo pakati pa ana ake ndi ana a Bridges ndi Sturtevant. Bridges adamwalira mu 1938 ali ndi zaka 49. Muller adalandira Nobel yakeyake mu 1946. Sturtevant sadailandirepo.

Ku Caltech adagwira ntchito ndi Theodosius Dobzhansky, wasayansi amene adachokera ku Soviet Union mu 1927. Awiriwa adafufuza mtundu wa m'tchire wotchedwa Drosophila pseudoobscura wa kumapiri a kuzambwe kwa America. Adapeza kuti magulu osiyanasiyana a mtunduwu ali ndi zidutswa zotembenuka mosiyanasiyana, ndipo poona mmene kutembenuka kwina kudalowererana ndi kunzake, adatha kulondola kuti ndondomeko iti idachokera ku iti. Zotsatira zake zidatuluka mu 1936 ndi 1938, ndipo udali umodzi mwa mitengo yoyamba ya mibadwo yojambulidwa kuchokera ku makromozomu.

Koma ubwenzi wawo sudakhalitse. Sturtevant adali munthu wosamala, wofuna kubwereza kafukufuku asanalankhule, pomwe Dobzhansky adali wachangu ndi wokonda kusindikiza msanga. Adasemphana, ndipo mu 1940 Dobzhansky adabwerera ku Columbia.

Sturtevant adapitiriza. Mu 1941 iye ndi wophunzira wake Edward Novitski adafananiza mapu a mitundu yambiri ya Drosophila. Adapeza kuti majini sakonda kudumpha kuchoka pa nthambi ina ya kromozomu kupita pa inzake. Amasinthana malo m'kati mwa nthambi yomweyo, ngati anthu amene amasamuka nyumba koma osatuluka m'mudzi.

Adatsutsa boma, adadzitsutsanso yekha

Pa 1 March 1954 dziko la America lidaphulitsa bomba lalikulu la nyukiliya pa zilumba za Bikini m'nyanja ya Pacific. Phulusa lake lidagwera anthu a pa zilumba zoyandikana komanso asodzi a ku Japan. Mkulu wa bungwe la boma loona za nyukiliya, Lewis Strauss, adauza anthu kuti cheza chimene chidaonjezereka padziko chidali chochepa kwambiri moti sichingavulaze munthu.

Sturtevant adaona kuti sangakhale chete. Mu June chaka chomwecho adauza msonkhano wa asayansi kuti malinga ndi zimene kafukufuku wa tintchentche ndi zamoyo zina adasonyeza, ngakhale cheza chochepa chimatha kuwononga majini, ndipo zotsatira zake zimagwera ana amene sadabadwe. Iye sadanene kuti boma lisiye kapena lipitirize, koma adaumirira kuti anthu auzidwe zoona. Panthawi imene kutsutsa boma pa nkhani ya zida kunkachititsa munthu kuganiziridwa kuti ndi wachikomyunizimu, kumeneku kudali kulimba mtima.

Pambuyo pake adakhala nawo m'komiti ya asayansi imene idatulutsa lipoti lochenjeza za cheza mu 1956. Mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union adasainirana pangano losiya kuyesa mabombawa mumlengalenga.

Mkuluyu sankachitanso manyazi kuvomera akalakwitsa. Mu 1940 adalemba kuti luso lopinda lilime ngati kapaipi limaoneka kuti limatsata jini limodzi. Mungathe kuyesa panyumba panu: ena amatha, ena amalephera. Koma kafukufuku wa 1952 adapeza mapasa ofanana ndendende amene wina ankatha wina ayi. M'buku lake la 1965, A History of Genetics, Sturtevant adavomera kuti nkhaniyo si yapafupi monga adaganizira, ndipo adadandaula kuti mabuku ena ankaiphunzitsabe ngati yotsimikizika.

Kunyumba ankakonda kuwerenga mabuku a Encyclopaedia Britannica ndi kukwatitsa maluwa otchedwa iris. Boma la America lidamupatsa mendulo ya National Medal of Science ya chaka cha 1967. Adamwalira pa 5 April 1970 ku Pasadena ali ndi zaka 78.

Mbewu imene adafesa

Chaka chimene adamwaliracho, wasayansi Susumu Ohno adatulutsa buku lotsindika kuti kuwirikiza kwa majini ndi gwero lalikulu la zinthu zatsopano m'zamoyo.

Wophunzira wa Sturtevant, Edward Lewis, adatha moyo wake akufufuza majini oyandikana amene amauza chigawo chilichonse cha thupi la kantchentche chimene chiyenera kukhala. Atawononga ena mwa iwo adapeza kantchentche ka mapiko 4 m'malo mwa awiri. Majini amenewa, otchedwa Hox, ndi banja limodzi. Drosophila ili nawo 8 pomwe munthu ali nawo 39. Mu melanogaster mndandanda wawo udaduka pamalo ena, ndipo mu mtundu wa virilis udaduka pena, koma onse amagwirabe ntchito. Lewis adalandira Nobel mu 1995.

Mu 1986 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford adapeza kuti majini awiri amene amathandiza munthu kuona chofiira ndi chobiriwira ali moyandikana pa kromozomu X ndipo amafanana kwambiri, chifukwa adachokera ku jini limodzi. Makromozomu akagona mosalingana n'kusinthana zidutswa, mwana angathe kubadwa wopanda limodzi mwa majiniwa. Choncho vuto lofala losasiyanitsa mitundu limadza kudzera m'njira yomwe ija Sturtevant adaitulukira pa diso la kantchentche.

Mu 2000 asayansi adamaliza kuwerenga DNA ya melanogaster, imene ili ndi majini pafupifupi 14,000. Mu 2007 adafananiza DNA ya mitundu 12 ya Drosophila. Adapeza kuti mabanja a majini oposa 40 pa 100 alionse ndi osiyana kukula pakati pa mitunduyi: kwina banja lidakula, kwina lidachepa. Adatsimikizanso zimene Sturtevant ndi Novitski adanena mu 1941.

Chitsanzo chabwino ndi Drosophila sechellia ya pa zilumba za Seychelles, m'bale wapafupi wa simulans. Mtunduwu umadalira chipatso chimodzi chotchedwa noni, chimene chili ndi asidi wopha abale ake. Poti sufunikanso kununkhiza ndi kulawa zakudya zambiri, wataya mofulumira majini ena a m'mabanja a kununkhiza ndi kulawa.

Kwawo n'konkuno

Chimene Sturtevant sadakhale ndi moyo kuti achione n'chakuti kantchentche kake kaja kwawo kwenikweni ndi kuno kummwera kwa Africa. Tintchentche pafupifupi 200 togwidwa ku Siavonga m'dziko la Zambia, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, tidapezeka kuti tili ndi majini osiyanasiyana kwambiri kuposa ta ku Ulaya ndi America, chizindikiro chakuti mtunduwu ndi wakale kuderali. Mu 2018 akatswiri a yunivesite ya Lund ya ku Sweden adalengeza kuti adapeza melanogaster ya m'tchire ku Matobo m'dziko la Zimbabwe, kutali ndi midzi, ikuswana mu zipatso za mfula. Kuchoka kuno, kantchentcheka kadatsata anthu ndi zipatso zawo mpaka kufika m'botolo la mkaka ku New York.

Nkhani ya mabanja a majini ikutikhudzanso usiku uliwonse. Udzudzu wa Anopheles funestus, umodzi mwa mitundu yofalitsa malungo, uli ndi majini awiri oyandikana otchedwa CYP6P9a ndi CYP6P9b amene adachokera ku jini limodzi. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Charles Wondji wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, pa udzudzu wa ku Mozambique ndi wa ku Chikwawa, adasonyeza kuti majiniwa amathandiza udzudzu kuphwanya mankhwala a m'masikito asanauphe. Pofuna kutsimikiza, akatswiriwo adaika majiniwa mu Drosophila, ndipo nato tintchentcheto tidayamba kupirira mankhwalawo.

N'chifukwa chake masikito ena amakono amakhala ndi mankhwala achiwiri otchedwa PBO, amene amafooketsa chitetezo cha udzudzucho kuti mankhwala oyamba aja agwire ntchito. Kugona m'masikito kukadali kofunika, ndipo kudziwa mmene udzudzu ukusinthira ndi kumene kumathandiza kuti masikitowo asathe mphamvu.

Choncho mukadzaonanso tintchentche tikuzungulira nthochi pakhonde, dziwani kuti ndi mbadwa zinzathu za dera lino, ndipo kuti mwana wa mlimi wa ku Alabama adaphunzira kwa ito zinthu zimene lero zikuthandiza kuteteza ana athu.